Ulusi Wofiira pa Gitala ya Besi

Amayi, kumeneko muli bwanji? Kodi nako kumatentha ngati kuno?

Ndine Tikambenji. Ndikulemba nditakhala pansi pa mtengo wanu wa mango, chifukwa m'nyumba simukukhalika, malata akuchita kuthetheka. Okutobala wa chaka chino wabwera ndi ukali. Nyenje zikulira m'mitengo ya mupani mpaka makutu kuwawa, ndipo Lupande wasanduka mchenga wokhawokha, moti madzi tikuchita kufukula pakati pa mtsinje. Ndili ndi nkhani imene yandiima pakhosi, koma ndiyamba ndi za pakhomo, poti inu simunkamumvera munthu wofika ndi mavuto asanapereke moni.

Mpongozi wanu Esinati, mkazi wa mlongo wanga Yotamu, anachira bwino mu Epulo. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Dailesi. Ndiye dzina lanu likumvekabe pakhomo pano, kungoti masiku ano tikulitchula pomuletsa kuika dothi m'kamwa. Ali ndi mphumi yanu komanso mkwiyo wanu. Tsiku limene anabadwa ine ndinaima pakhomo pa chipatala ndikutchera khutu kuti ndimve kalilidwe kake. Ndinkati mwina watenga mawu anu. Ayi ndithu, katenga anga, kakulira mopyapyala ngati mwanapiye.

Kumunda sikunayende. Chimanga chinakula bwino, koma njovu zinabwera chitangoyamba kukhwima. Mpanda wa tsabola uja munkaukhulupirira zinangoudutsa, ndipo Yotamu anamenya zitini mpaka manja kutupa. Zimene tinapulumutsa tinaika m'nkhokwe, nkhokwe nayo zinadzaigwetsa nthawi yozizira. Mpunga wa kudambo ndi umene watisunga. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, kwatsala tambala mmodzi wopanda mchira amene amalira nthawi imene wafuna. Mango ndiye abereka mochititsa mantha, ndipo njovu zayamba kale kudzawayendera, kuona ngati apsa.

Ine ndikadali kuchapa ndi kusita ku kampu ya alendo kuja ku Chinzombo, mpaka mvula ikadzagwa atseke. Yotamu waumba chiliza chanu yekha, chaoneka bwino, ngakhale dzina lanu lapendekera pang'ono kumanzere. Tagwirizana kuti tichivundukule Loweruka likubwerali, mvula isanatseke njira ya kumanda. Nkhani yanga yagona pamenepo.

Amayi, chichokereni inu, kwaya ya amayi ilibe pansi. Mukudziwa kuti besi yonse munali inu nokha. M'kwaya yopanda mwamuna ndi mmodzi yemwe, alendo ankasuzumira kumbuyo kufunafuna bambo amene wabisala. Anzanu ankakunenani kuti mvuu ya mu kwaya, inu n'kumangoseka mukutsina fodya wanu wa mphuno, yemweyo amene anakupatsani kusasa mawu kuja. Ndili wamng'ono ndinkakonda kuima kumbuyo kwanu n'kugunditsa khutu pamsana panu mukuimba. Mawu anu sindinkawamva ndi khutu lokha, ankandilowa mpaka m'mano. Nditakufunsani kuti mumatani kuti atsike choncho, munandiyankha m'chilankhulo chanu cha Chikunda kuti, "Niimba lini na pakamwa, Tika, niimba na mimba." Ine ndinayesa kuimba ndi mimba mpaka kutsokomola, koma mawu anga anakana kutsika.

Amake Rute, amene akutsogolerabe kwaya, anayesa amayi angapo pamalo panu, zinakanika. Kenaka mpingo unagula kiyibodi, ndipo amene amailiza ndi amuna awo a amake Rute. Chinthucho chili ndi besi yakeyake m'kati. Amangodina kabatani, iyo n'kuyamba kudumphadumpha, ndipo imadumpha chimodzimodzi kaya ndi nyimbo ya ukwati kaya ndi ya maliro. Anthu akuikonda. Ine ikayamba ndimayang'ana pansi.

Mwina mukuti, nanga si munandijambula pa ukwati wa Yotamu? Zoona, kanemayo alipo mu foni yake. Mukuoneka bwinobwino mzere wakumbuyo, duku lanu loyera, pakamwa pakuyenda, khosi litatupa monga linkachitira mukatsika pansi penipeni. Koma mawu anu mulibe. Foni inatola amayi ena onse, ngakhale mwana amene ankalira panja, koma inu ayi. Akuti mafoni satola mawu otsika chotero. Ndaonera kanemayo kambirimbiri, nditagunditsa foni pakhutu, ndipo ndimangomva amake Rute.

Ndiye mvetserani zimene ndinachita. A Mwale, mkulu uja ankaphika ku kampu, anapuma ntchito mwezi wathawu. Paunyamata wawo ankaliza besi m'gulu loimba ku migodi, ndipo gitala yawo inakhala zaka pamwamba pa kabati m'chipinda chawo cha malata. Ndi yakuda, yolemera ngati musi, ya nsambo zinayi zonenepa. Ili ndi kabokosi kake kokuzira mawu kamene kamayendera batire ya sola. Iwo ankafuna choyendera akafika kwawo, ine ndinkafuna gitala. Ndinawapatsa njinga yanu.

Inde, njinga yanu, Amayi. Yotamu sanandilankhule kwa masiku. Atatsegula pakamwa anati, "Tizapita nayo ku chigayo gitala yako?" Sankanama. Mpaka lero mpunga Esinati akuchita kusenza pamutu.

Asanapite, a Mwale anandionetsa pogwira ndi pokoka. Zala zanga zinazolowera sopo ndi nsimbi ya makala, ndiye zinatuluka matuza, koma ndinalimbikira. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkakhala pansi pa mango pano kufunafuna nyimbo yanu ija, imene munapeka ndi anzanu chaka chimene madzi analowa m'tchalitchi, yomwe munkati tidzakuimbireni mukadzapita. Pamaliro panu anaiimba, koma yopanda pansi, ndipo ine ndinalira kawiri. Ndinalumbira mumtima kuti pa chiliza chanu idzamveka yathunthu.

Poyamba gitala inkangolira ngati gitala. Paliponse pamene ndinkagwira panali pamwamba, inu munali pansi pake. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuyamba kumasula nsambo yaikulu ija, kupotokola kiyi yake pang'onopang'ono, uku ndikukumvetserani m'mutu mwanga. Nsambo inalefuka mpaka kuyamba kukhudza tizitsulo ta pakhosi pa gitala. Nditaikoka, munalankhula, Amayi. Kutsika kwake komwe kuja, kusasa kwake komwe kuja kwa fodya, ndi kunjenjemera kuja kumene ndinkakumva pamsana panu. Thabwa la gitala linali litatsamira pamimba panga, ndipo ndinakumvani m'mano.

Sindinali ndekha, musati ndapenga. Esinati anatuluka m'nyumba akuthamanga, mwana ali kubere, n'kuima pakhonde maso ali tong'o. Anangoti, "Apongozi!" Kenaka anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Ngakhale Yotamu, atabwera kuchokera ku mtsinje, anavula chipewa n'kumvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo za njinga sanazitchulenso.

Ndinaopa kuti malo amene nsambo inafikawo angandisowe. Ku kampu, zovala za alendo timazizindikira ndi ulusi. Tenti iliyonse ili ndi mtundu wake, timasokerera kaulusi mkati mwa kolala kuti malaya a uyu asapite kwa uyo. Ndiye ndinatenga ulusi wofiira n'kumanga zolimba pa nsamboyo, pamalo penipeni pamene imadutsa pa kafupa ka kumutu kwa gitala. Nsambo ikasuntha ndi kutentha, ndinkangopotokola kiyi mpaka ulusi ubwerere pa kafupa, inu n'kubweranso. Masabata amenewo ndinali munthu, Amayi. Ndinkadya n'kukhuta.

Kenaka ndinapita nayo kokonzekera nyimbo. Ndinasenza batire pamutu, gitala kumsana ngati mwana. Titayamba nyimbo yanu, amayi ena anatembenuka, mmodzi anagwira pakamwa. Koma sitinafike patali, amake Rute anakweza dzanja. Anati, "Tika mwana wanga, cholinga chako n'chabwino, koma ichi chinthu chili na pulobulemu. Chilira monga mvuu yodwala, ndipo sichigwirizana na kiyibodi. Pa chiliza pazabwera abusa na alendo ochoka ku Chipata. Ukonzetse, apo ayi tizaimba na kiyibodi chabe." Ndinafuna kuwauza kuti mvuuyo ndi imene anaima nayo mzere umodzi zaka zonse zija. Koma ndinangozula waya wa gitala.

Sabata yathayi kunabwera a Lungu, mmisiri wa ku Chipata amene amakonza mawailesi ndi zoimbira. Mpingo unawaitanira masipika a tchalitchi, ndipo amake Rute anandiuza kuti ndibwere ndi gitala aione. Ndi bambo waulemu, wodziwa ntchito yake, sindingamunenere zoipa. Anaikweza n'kuyang'ana khosi lake ndi diso limodzi monga achitira akalipentala. Anati gitalayo ndi yabwino koposa, kungoti kutentha kwa kuchigwa kuno kwaipinda khosi. Anati ifunika khosi lina, nsambo zatsopano, ndi mapikapu atsopano, tizitsulo tija timatola mawu a nsambo n'kuwatumiza ku kabokosi. "Mukanipatsa, izabwera monga ya mu shopu," anatero. "Simuzaiziwa."

Ali mkati molankhula anaona ulusi wanga. Nkhope yawo inasintha. Anayang'ana ine, anayang'ana amake Rute, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amai, ivi va mankhwala sitilowa navo mu nyumba ya Mulungu." Ankayesa chithumwa, Amayi. Ankayesa kuti a Mwale anaikhwimira gitala kuti izikoka anthu, monga amachitira oimba ena. Ndisanatsegule pakamwa, anali atadula kale ndi kampeni, n'kuponya ulusi panja pa zenera ngati chinthu chonyansa. Kenaka anatulutsa foni yochunira, n'kukoka nsambo ija mpaka foni inavomera. Analiza kanyimbo kachangu, gitala inalira mosalala, mogwirizana ndi kiyibodi, ndipo amayi onse anaomba m'manja ndi kululutira. Ine ndinkaona ngati akukutulutsani m'tchalitchi anthu akusekerera.

Nditafika kunyumba ndinamasulanso nsambo. Ndinapotokola, ndinabweza, ndinapotokolanso. Ndikamasula pang'ono ikulira ngati gitala wamba, ndikapitiriza ikungophapha ngati waya wa pampanda. Pakati pa ziwirizo pali inu, koma sindikupapezanso. Mwina pokoka paja khosi linasunthanso, kaya. Nthawi zina ndimayandikira, ndimaitana Esinati kuti amve. Iye amamvetsera, n'kupukusa mutu mwaulemu, n'kubwerera ku mapoto ake.

A Lungu anasiya mawu akuti ndikafuna ndiitumize pa minibasi ya sikisi awazi m'mawa Lolemba, iwo aibweza Lachisanu itakonzedwa. Za malipiro si nkhani, amayi a kwaya anati asonkha okha chifukwa cha inu. Zimenezo ndi zimene zandipweteka kwambiri, chifukwa akuchita mwachikondi, ndipo munthu sungakalipire anthu amene akukuthandiza.

Ndakhala ndikulingalira mpaka mutu kuwawa. Ndikaitumiza, ibwera yokongola, ndidzaima nayo pa chiliza chanu pamaso pa abusa, anthu adzati mwana wa Dailesi walemekeza mayi ake. Koma chimene chidzatuluke m'kabokosi simudzakhala inu. Ndikapanda kuitumiza, sandilola kuiliza pamwambo, komanso a Lungu anachenjeza kuti khosilo likupindikirabe, ikamadzafika mvula gitala idzakhala yongokoleka pakhoma. Yotamu akuti ndikonzetse, mwina ndingamakalizire alendo ku maloji n'kupezako kanthu nthawi imene kampu yatsekedwa. Esinati sanena zambiri, anangondinong'oneza tikutsuka mbale kuti, "Mlamu, isiyeni mmene ilili, mwina azabweranso." Inu mukanakhalapo mukanandiuza monga munkanenera ndikamazengereza pa msika kuti, "Sankha chimozi, Tika, zuwa ikuyembekeza lini." Koma nkhani yake ndi ya inu nomwe, ndiye ndifunse yani?

Tsopano ndikuuzeni chimene chandithyola msana. Dzulo titaweruka ku tchalitchi, kwaya inatsalira kukonzekera nyimbo yanu ndi kiyibodi. Ine ndinaimba nawo mawu anga opyapyala omwewa. Inayenda bwino, palibe amene anadandaula kuti pakusowa kanthu. Pobwerera ndinadutsa pa mchenga wa Lupande ndekha, dzuwa lili pamutu, ndikung'ung'udza besi ya nyimboyo monga ndimachitira masiku onse kuti ndisaiwale. Ndili pakati pa mtsinje ndinadzimva. Chimene ndinkang'ung'udza sichinali chanu. Inali besi ya kiyibodi ija, yodumphadumpha.

Ndinaima pomwepo mchenga ukundiwotcha mapazi. Ndinayambiranso pachiyambi. Mzere woyamba unabwera bwinobwino, mmene munkalowera mochedwa pang'ono anzanu atayamba kale. Koma paja pamene onse amakwera, inu n'kutsika nokha, n'kudikira, n'kudzawapeza kutsogolo, pamenepo palibe. Ndikudziwa kuti munkatsika, koma kaya munkatsikira pati, kaya munkadikira nthawi yotalika bwanji, sindikudziwanso. Ndikati ndikumbuke, kiyibodi ikulowerera. Ndinkaganiza kuti chimene chasowa ndi malo a ulusi pa nsambo, osadziwa kuti nanenso m'mutu mwanga mukufufutika.

Ndinabwerera kwa amake Rute thukuta lili kamukamu. Ndinawapempha kuti andikumbutse mmene munkaimbira pamenepo. Anaganiza, anayesa kung'ung'udza, kenaka anaseka mwamanyazi. Anati, "Amai ako anali kungodumira chabe pansipansi, mwana wanga. Ise tinali kumvera kuti alipo, koma njira yawo ndani angaiziwe?" Ndinafunsa amayi ena awiri, yankho lomwelo. Esinati amakuzindikirani akakumvani, koma sangathe kukuimbani. Ndiye kuti munthu amene anasunga nyimbo yanu padziko pano ndinali ine ndekha, ndipo ndi ine amene ikunditayika m'manja. Ndikuopa, Amayi. Sindinaope chonchi ngakhale tsiku limene tinakuikani.

Lero ndi Lolemba. M'mawa ndinakulunga gitala m'chitenje chanu chobiriwira chija n'kupita nayo kumsewu. Ndinali nditatsimikiza kuti ipite, poti chosunga palibenso. Minibasi inafika ikuliza hutala, kondakitala anatsika n'kutambasula manja kuti ailandire. Anati, "Ya kwa a Lungu iyi? Bweretsani, amai, tachedwa." Manja anga anakana. Ndinaima nditaikumbatira, anthu a m'basi akundiyang'ana pa mawindo. Kondakitala anadikira, anatukwana pang'ono, n'kumenya chitseko. Basi inapita, ine n'kutsala m'fumbi.

Musaganize kuti ndinaibweza chifukwa ndili ndi chiyembekezo. Ndilibe. Ndikudziwa kuti khosi lake lipindikabe, ndikudziwa kuti mvula ikamadzatha mwina ndidzakhala nditaiwala ndi mzere woyamba womwe, ndipo Dailesi wamng'onoyu adzakula akuyesa kuti agogo ake ankaimba ngati kiyibodi. Kungoti gitala yopindikayi ndi chinthu chokhacho chimene chinandilankhulapo ndi mawu anu chichokereni inu. Sindikanatha kuipereka kuti akaichotse khosi.

Amake Rute ndawauza kale. Anangoti, "Chabwino, mwana wanga," koma ndinaona kuti akhumudwa. Loweruka adzaimba ndi kiyibodi, ndipo ine ndidzaima pamzere wanga n'kuimba nawo, sindidzachititsa manyazi banja. Mukadzamva kudumphadumpha kuja pamwamba panu, musadzakwiye, anthuwo amakukondani.

Koma anthu akadzabalalika kupita kukadya, ine ndidzabwerera. Ndidzasenza batire pamutu, gitala kumsana, ndidzakhala pafupi ndi dzina lanu lopendekeralo. Ndatenga ulusi wina wofiira ku kampu, uli m'thumba mwanga, ngakhale sindikudziwa pomanga. Ndidzamasula nsambo pang'onopang'ono mpaka pamene ndingathe kufika, ndipo ndidzakulizirani mzere woyamba, poti ndi umene ndatsala nawo. Ndikadzafika paja onse amakwera, ndidzaima n'kudikira. Ngati kumeneko amalola, mudzatsike nokha, Amayi, ine ndidzakhala chete.

Ndikulonjeza kuti ndibwera nawo mzerewo usanandithawe. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Tikambenji